Disiki Ikafa, Zolembedwa Zimapulumuka Bwanji?

Phunziro lathu la lero ndi la masamu, ngakhale kuti poyamba lioneka ngati nkhani ya makina. Aphunzitsi, konzani choko ndi bolodi, ndipo mwana aliyense akhale ndi pensulo ndi pepala, pakuti pali zowerengera zimene tichitire pamodzi.

Ambiri a inu munapitako ku chipatala cha Kanyama, cha Matero kapena cha Chawama, kapenanso ku kiliniki ya Kalingalinga, ya Mtendere kapena ya George. Kale wodwala akafika, kalaliki ankayamba wafufuza fayilo yake pakati pa mafayilo mazanamazana. Kuyambira m'zaka za m'ma 2000, Unduna wa Zaumoyo unayamba kusunga mbiri ya odwala m'makompyuta mwa njira yotchedwa SmartCare. M'menemo mumalembedwa mankhwala amene munthu akumwa, tsiku limene anayamba kumwa, ndi zimene anapeza pomuyeza magazi. Zotsatira za mayeso zimene bungwe la Examinations Council of Zambia limasunga nazonso zili m'makompyuta. Ngakhale ndalama zimene amayi anu amalandira pa kanyumba ka Airtel Money kapena ka MTN m'mbali mwa msewu, zisanasanduke makwacha m'manja mwawo zimakhala nambala chabe zolembedwa m'kompyuta yaikulu yotchedwa seva.

Tsono m'kati mwa seva muli chipangizo chimene zonsezi zimalembedwapo, dzina lake disiki. Disiki ya mtundu wakale, imene ikugwirabe ntchito kwambiri, ndi kabokosi kachitsulo kokwana m'dzanja la munthu wamkulu. M'kati mwake muli timbale tosalala timene timazungulira, ndipo m'madisiki ambiri timazungulira maulendo 7,200 pa mphindi imodzi, ndiye kuti maulendo 120 pa sekondi. Pamwamba pa kambale kalikonse pamayandama kamutu kolemba ndi kuwerenga, ndipo mpata wa pakati pa kamutuko ndi kambale ndi wochepa kuposa kunenepa kwa tsitsi limodzi kambirimbiri. Disiki yoyamba ya mtundu umenewu inapangidwa ndi kampani ya IBM m'chaka cha 1956. Inali ndi mbale 50, inkalemera pafupifupi tani imodzi, ndipo inkasunga malembo pafupifupi 5 miliyoni okha. Za masiku ano zimasunga zochuluka kuposa pamenepo maulendo mamiliyoni.

Koma chinthu chimene chimazungulira usana ndi usiku kwa zaka zambiri chimatha. Ngakhale madisiki atsopano otchedwa SSD, amene alibe chozungulira m'kati, nawonso amafa. Munthu wosamala makompyuta safunsa ngati disiki idzafa, pakuti akudziwa kuti idzafa ndithu. Funso lake ndi lakuti: tsiku limene idzafe, mbiri ya odwala aja idzapulumuka bwanji?

Yankho loyamba mwalipeza kale m'mitima mwanu. Mulembe chinthu chilichonse kawiri, pa madisiki awiri, kuti imodzi ikafa inzake itsale. Njira imeneyi ndi yabwino ndipo imagwiritsidwa ntchito. Vuto lake ndi mtengo. Amene akufuna malo a madisiki khumi ayenera kugula makumi awiri, ndipo theka la ndalama zake lapita pa kubwereza zimene analemba kale. Pali njira ina yochenjera, ndipo kuti tiimvetse tiyambe tachoka ku makina, tipite ku sukulu.

Tiyerekeze kuti pa sukulu ina ya ku Matero pali makalasi atatu a Giredi 5. M'kaundula wa kalasi loyamba muli ana 58, m'wachiwiri muli 63, ndipo m'wachitatu muli 61. Mphunzitsi wamkulu sakopera makaundula onsewa. Iye amalemba m'buku lake nambala imodzi yokha, yophatikiza onse. Phatikizani tione. Mwapeza 182, si choncho? Tsono mvula yagwa usiku, denga ladontha, ndipo kaundula wa kalasi lachiwiri wanyowa kotero kuti inki yonse yafufutika. Kodi nambala ya ana a m'kalasi limenelo yatayika? Iyayi. Pa 182 chotsani 58, kenaka chotsani 61, ndipo 63 yabwerera.

Taonani bwino chimene chachitika pano, pakuti phunziro lonse lagona pamenepa. Mphunzitsi wamkulu sankadziwa kuti ndi kaundula uti amene adzanyowe. Akananyowa woyamba, akanapeza 58. Akananyowa wachitatu, akanapeza 61. Likananyowa buku lake lomwe, akanangophatikizanso nambala zitatu zija. Nambala imodzi yoonjezera yalondera makaundula atatu nthawi imodzi, ndipo ikanalondera khumi mofananamo. Nambala yotere tiitche mlonda.

Kompyuta imachita zomwezi, koma mwa njira yake. Iyo sidziwa zilembo kapena nambala monga timazidziwira ife. Imadziwa zizindikiro ziwiri zokha, 0 ndi 1, ndipo chilembo chilichonse chimalembedwa ndi zizindikiro zisanu ndi zitatu zoterezi. Aphunzitsi, ngati muli ndi zitsekerero za mabotolo, chogadama chikhale 1 ndipo chovundikira chikhale 0, ana aziyale pansi. Tilembe mawu akuti UFA, chilembo chimodzi pa disiki iliyonse. Lembani pa bolodi mizere itatu iyi, wina pansi pa unzake, zizindikiro zilunjikane bwino.

Disiki yoyamba, U: 0 1 0 1 0 1 0 1
Disiki yachiwiri, F: 0 1 0 0 0 1 1 0
Disiki yachitatu, A: 0 1 0 0 0 0 0 1

Disiki yachinayi ndiyo mlonda, ndipo lamulo lake ndi limene mumalidziwa kale pamene aphunzitsi akuuzani kuti muime awiriawiri. Yang'anani mzere wotsika uliwonse, kuchokera pamwamba kufika pansi, ndipo muwerenge ma 1 amene alimo. Ngati 1 aliyense ali ndi mnzake, kapena ngati mulibe 1 ndi mmodzi yemwe, mlonda alemba 0. Ngati pali 1 wotsala wopanda mnzake, mlonda alemba 1 kuti akhale mnzake wa wotsalayo. Basi, lamulo ndi lomwelo. Mu Chingerezi amalitcha parity, ndipo cholinga chake ndi chakuti mzere wotsika uliwonse ukhale ndi ma 1 ogawika pawiri popanda chotsala.

Tiyambire kumanzere. Mzere woyamba mulibe 1, mlonda alemba 0. Wachiwiri muli ma 1 atatu, awiri agwirana manja ndipo mmodzi watsala, mlonda alemba 1. Wachitatu mulibe, 0. Wachinayi muli mmodzi yekha, 1. Wachisanu mulibe, 0. Wachisanu ndi chimodzi muli awiri, 0. Wachisanu ndi chiwiri muli mmodzi, 1. Wotsiriza muli awiri, 0.

Disiki yachinayi, mlonda: 0 1 0 1 0 0 1 0

Zangochitika kuti zizindikiro zimenezi ndi za chilembo cha R, koma zimenezo zilibe tanthauzo lililonse. Mlonda salemba mawu, amangowerenga awiriawiri.

Tsopano aphunzitsi, fufutani mzere wonse wa disiki yachiwiri. Yafa. Chatsala ndi U, mpata, ndi A. Munthu wongoganizira anganene kuti mawuwo anali UTA, wina anganene kuti UZA, winanso UFA, ndipo onse atatu ndi mawu enieni. Ku chipatala kuganizira kotere ndi koopsa, chifukwa chilembo chimodzi kapena nambala imodzi ikasintha, wodwala angalandire mankhwala a mlingo wolakwika. Kompyuta siganizira. Imabwerera ku mizere yotsika ija ndi kufunsa kuti: pa mpatapa payenera kukhala chiyani kuti aliyense akhale ndi mnzake? Mzere woyamba mulibe 1, ndiye panali 0. Wachiwiri muli ma 1 atatu, kuwerengera ndi wa mlonda yemwe, ndiye wosowayo anali 1. Wachitatu, 0. Wachinayi muli wa U ndi wa mlonda, akwana awiri, ndiye panali 0. Wachisanu, 0. Wachisanu ndi chimodzi muli wa U yekha, ndiye panali 1. Wachisanu ndi chiwiri muli wa mlonda yekha, panali 1. Wotsiriza muli awiri, panali 0. Werengani zimene mwapeza: 0 1 0 0 0 1 1 0. F wabwerera, ndipo ufa wathu uli bwinobwino.

Mwina mwaona kuti mlonda wa kompyuta aposa wa mphunzitsi wamkulu pa chinthu chimodzi. Nambala 182 inafuna malo atatu pamene zinzake zinali za malo awiri, koma mzere wa parity ndi wofanana utali ndi mizere imene ukulondera. Choncho disiki ya mlonda siyenera kukhala yaikulu kuposa zinzake. Pa madisiki anayi, malo a disiki imodzi ndiwo apita ku ulonda. Pa madisiki khumi, ndi malo a imodzinso. Yerekezani ndi njira yolemba kawiri ija, imene inadya theka.

Nzeru imeneyi sinabadwe tsiku limodzi. Richard Hamming, katswiri wa masamu wa ku Bell Laboratories ku United States, anafalitsa m'chaka cha 1950 njira yogwiritsa ntchito parity kupeza ndi kukonza zolakwika m'makompyuta. Norman Ken Ouchi wa ku IBM analandira mu 1978 chiphaso cha umwini wa njira yobwezera zolembedwa za chipangizo chimene chafa. Kenaka m'chaka cha 1988 akatswiri atatu a pa yunivesite ya California ku Berkeley, David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz, anaonetsa kuti madisiki ang'onoang'ono otsika mtengo, akaikidwa pamodzi ndi mlonda wawo, angapose disiki imodzi yaikulu yodula. Iwo ndiwo anapereka dzina lakuti RAID, kuchokera ku mawu a Chingerezi akuti Redundant Arrays of Inexpensive Disks, kutanthauza gulu la madisiki otsika mtengo lokhala ndi choonjezera. Anaikanso njira zosiyanasiyana m'manambala. Kulemba kawiri kuja ndi RAID 1, ndipo gulu lokhala ndi disiki imodzi ya mlonda, monga tachitira pa bolodi, ndi RAID 4.

RAID 4 ili ndi vuto limene mungalione nokha. Mukasintha chilembo pa disiki yoyamba, mlonda ayenera kulembanso. Mukasintha pa yachitatu, mlonda alembanso. Madisiki ena amapumako, koma wa mlonda sapuma, ndipo onse amaima pamzere kumudikira monga anthu pa mpopi umodzi wa madzi m'mawa. Mankhwala ake ndi ofanana ndi chilimba chimene amayi a pamsika amachita, pamene mwezi uno alandira uyu ndipo mwezi wamawa alandira wina. M'malo mwakuti disiki imodzi ikhale mlonda nthawi zonse, ulondawo umazungulira. Pa chigawo choyamba cha zolembedwa mlonda akhala pa disiki yachinayi, pa chachiwiri akhala pa yachitatu, pa chachitatu akhala pa yachiwiri, motero mpaka onse alandira gawo lawo. Imeneyi ndiyo RAID 5, imene imafuna madisiki osachepera atatu, ndipo inakhala imodzi mwa njira zofala kwambiri m'maseva a m'maofesi.

Disiki ikafa m'gulu lotere, ntchito siima. Kalaliki amene wafunsa mbiri ya wodwala amailandira monga mwa masiku onse, mwina mochedwerako pang'ono, chifukwa kompyuta ikuwerengera zosowazo nthawi yomweyo. Kutsogolo kwa seva kumayaka kanyali kochenjeza, ndipo m'makina ambiri wosamala angathe kusolola disiki yakufayo ndi kulowetsa yatsopano osazimitsa chilichonse. Kenaka kompyuta imadzaza disiki yatsopanoyo mzere ndi mzere, monga tachitira ndi F.

Koma apa ndipo pofunika kumvetsera kwambiri, chifukwa anthu ena amakhulupirira mlondayu mopitirira muyeso. Bwererani ku sukulu ya ku Matero ija, ndipo nthawi ino anyowe makaundula awiri, wachiwiri ndi wachitatu. Pa 182 mukachotsa 58 patsala 124. Kodi anali 63 ndi 61? Kapena 62 ndi 62? Kapena 60 ndi 64? Zonsezi zikupereka 124, ndipo palibe njira yodziwira. Mlonda mmodzi amabweza chosowa chimodzi chokha. Zikasowa ziwiri, m'gulu la RAID 5 zolembedwa zonse zimaonongeka, ngakhale madisiki otsalawo ali amoyo, chifukwa fayilo iliyonse yaikulu inagawidwa pa madisiki onse.

Motero nthawi yoopsa koposa ndi ya pakati pa imfa ya disiki yoyamba ndi kutha kwa ntchito yodzaza yatsopano. Pa madisiki akuluakulu a masiku ano ntchito imeneyi imatenga maola ambiri, nthawi zina masiku, ndipo m'nthawi yonseyo madisiki otsala amawerengedwa kuchokera poyambira mpaka potsirizira osapuma. Kawirikawiri madisiki a m'gulu limodzi anagulidwa tsiku limodzi ndipo akalamba pamodzi, kotero kuti ntchito yolemetsayi ingathe kugwetsa yachiwiri. Choipa kuposa zonse, mwa kuona kwanga, ndi kanyali kochenjeza kamene kayaka milungu ingapo m'chipinda chokhoma popanda wochiona. Popeza ntchito ikuyendabe, aliyense amayesa kuti zonse zili bwino, pamene ulonda unatha kale.

Akatswiri anayankha vutoli poika alonda awiri, ndipo njirayo ndi RAID 6, imene imafuna madisiki osachepera anayi. Mlonda wachiwiri sangangobwereza zimene woyamba walemba, chifukwa pamenepo sanatiuze chatsopano. Ayenera kuwerenga mwa njira ina. Tiyese ndi makalasi athu aja. Mlonda wachiwiri atenge kalasi loyamba kamodzi, lachiwiri kawiri, lachitatu katatu. Ndiye kuti 58, kuphatikiza 126, kuphatikiza 183, zonse pamodzi 367. Makaundula awiri aja akanyowa, woyamba atiuza kuti osowawo pamodzi ndi 124. Wachiwiri atiuza kuti pa 367 tikachotsa 58 patsala 309. Yesani 62 ndi 62: kawiri 62 ndi 124, katatu 62 ndi 186, pamodzi 310. Yalephera. Yesani 60 ndi 64: mupeza 312. Yalepheranso. Yesani 63 ndi 61: 126 ndi 183, pamodzi 309. Imeneyo yokha ndiyo yakwana kwa alonda onse awiri. Masamu enieni a RAID 6 ndi ozama kuposa awa, koma maganizo ake ndi omwewa.

Palinso mdani wina amene ana a mu Lusaka mumamudziwa bwino, ndiye kuzima kwa magetsi. M'chaka cha 2024, madzi atachepa m'nyanja ya Kariba chifukwa cha chilala, makomboni ambiri ankakhala maola ochuluka pa tsiku opanda magetsi. Ganizani kompyuta imene yalemba chilembo chatsopano pa disiki yoyamba, ndipo isanakonze mzere wa mlonda magetsi athima. Mlonda tsopano akusunga nambala ya dzulo, pamene zolembedwa ndi za lero. Disiki ina ikadzafa iye adzabweza yankho lolakwika, ndipo adzalibweza molimba mtima. N'chifukwa chake maseva amaikiridwa mabatire amene amapatsa makina mphindi zokwanira kumaliza zimene ayamba kulemba, ndipo malo akuluakulu amakhalanso ndi majenereta.

Chotsiriza chimene mlonda sangathe n'chachikulu kuposa zonsezi. Madisiki onse a m'gulu amakhala m'bokosi limodzi, m'chipinda chimodzi. Akuluakulu a ku Kanyama amakumbukira chigumula cha 1978, ndipo mpaka lero dzinja likafika madzi amalowa m'nyumba zambiri za kumeneko. Mu July 2017 moto unapsereza mbali yaikulu ya msika wa City Market, ndipo katundu wa amalonda ambiri anathera pamodzi usiku umodzi. Madzi kapena moto zikalowa m'chipinda cha seva sizisankha disiki imodzi, ndipo mbala nayo imanyamula bokosi lonse. Komanso munthu akafufuta fayilo molakwitsa, mlonda amamvera, nakonza mzere wake kuti ugwirizane ndi kufufutako. Pa zoopsa zotere chofunika ndi kukopera zolembedwa nthawi ndi nthawi ndi kukazisunga kwina, kutali. Malo a boma osungira zolembedwa za m'makompyuta, a Zambia National Data Centre, anamangidwa mu Lusaka ndiponso ku Kitwe, mtunda wa makilomita oposa 300, kuti tsoka la mzinda umodzi lisafike pa zonse.

Tsono nayi ntchito yanu. Aphunzitsi, lembaninso pa bolodi mizere ya U ndi A monga ilili pamwambapa, ndipo pakati pake musiye mpata wa disiki imene yafa. Nthawi ino mzere wa mlonda ndi 0 1 0 0 1 1 1 0. Chilembo cha T chimalembedwa 0 1 0 1 0 1 0 0, cha Z chimalembedwa 0 1 0 1 1 0 1 0, ndipo cha F mukuchidziwa kale. Mwana aliyense awerenge yekha mzere ndi mzere, osaonera kwa mnzake, ndipo anene ngati mawu amene anali pa madisikiwo ndi UTA, UZA kapena UFA. Amene amaliza msanga afufute mzere wa U, aubweze pogwiritsa ntchito itatu yotsalayo.